Kadontho Kofiira pa Ampu ya a Levison

"Zimitsa! Iwe Alile, zimitsa!"

Alile anazula pulagi pakhoma. M'nyumba munangoti guu fungo la fumbi lopsa. Kumbuyo kwa ampu yokuzira mawu a gitala ya malemu bambo ake, a Levison, mavalavu awiri akuluakulu aja ooneka ngati mababu anali atafiira m'kati ngati makala.

A Rafaelo, mng'ono wa malemu komanso mtsogoleri wa kwaya ku Kasina, anangoti kukamwa yasa, gitala ili m'manja.

"Mawatu ndi Misa ya achimwene. Tikaimbira chiyani?"

Chiikire maliro anthu m'nyumbamo ankangoyenda ngati akulota. Mayi ake Alile, a Falesi, anali pamphasa atatsamira khoma, maso pa jekete la amuna awo lili pamsomali.

Ampuyo anasiya ndi wansembe wina wakalekale, ndipo mavalavu akewo kuno simungawapeze, ngakhale mutafunsa msika wonse wa Linthipe. Akapsa awiriwa basi, yatha.

"Kapena ndi kakapasita kaja?" anatero a Rafaelo. "Achimwene ankati kakayamba kudontha, mavalavu amafiira."

Alile anapukusa mutu. Kakapasitako ankakadziwa. Kamawolotsa mawu kuchoka pa valavu yaing'ono kupita pa akuluwo, koma moto wamphamvu kamautsekereza. Anakawotcherera yekha katsopano dzinja lomweli, bambo ake akumuyang'anira.

Anasuzumira m'kati. Kasikuluwu ka bayasi, kamene kamachunira kuchuluka kwa moto umene mavalavu amamwa, kanali mbee, kowala. Chikhalire pamenepo pankakhala kadontho ka kyutekisi wofiira wopaka m'zikhadabo, kosonyeza poimira pake, koma tsopano panalibe.

"Wagwira apa ndani?"

A Jestina, azakhali ake, anatulukira ndi tsache m'manja.

"Ndine. Tsiku losesa lija. Katundu wa malemu amapukutidwa yense, mwana iwe. Ndinaona kangati magazi kouma, ndinakapala ndi mpeni. Kasikuluwuko nakonso kanali kogwedera, ndiye ndinakamanga mpaka gwa. Mlongo wanga uja zinthu ankangozisiya lendelende."

Aaa, Alile phwete linangomutulukira m'mphuno. Anayesa kugwira pakamwa, kkkk, zosatheka. A Rafaelo nawonso mapewa anayamba kugwedezeka.

"Mukuseka chiyani pakhomo pa maliro? Ndalakwa kukonza?"

"Azakhali, kameneka sikomanga ayi, ndi kochunira! Mukapitiriza mavalavu amapsa. Mukabweza kwambiri gitala imalira ngati ili ndi chimfine."

"Ndiye bwezera pomwe panali."

"Pati? Kadontho kaja mwapala."

Kuseka kunathera pomwepo. A Jestina anayang'ana tsache lawo. Alile anagwira sikuludiraiva koma dzanja silinapite. Mumtima munalibe kanthu, ngakhale mantha, ankangomva nkhuku panja. Atayatsanso n'kulakwitsa, mavalavuwo sakanapirira kachiwiri.

"Bweza mpaka kamzere kake kaloze valavu yaing'onoyo."

Onse anacheuka. Anali a Falesi. Chichokere kumanda anali asanalankhule mawu ataliatali chonchi.

"Inu alamu mukudziwa bwanji?" anafunsa a Rafaelo.

"Kyutekisiyo anali wanga. Ndinadontheza ndine, iwo atagwira kasikuluwuko. Ndinkawanena kuti bwanji osaikweza ilire ngati ya anzanu. Iwo amvekere ayi Falesi, tiziwapatsa moto pang'ono, akhalitse, adzaimbe pa ukwati wa Alile."

Alile sanayang'ane aliyense. Anabweza kasikuluwuko pang'onopang'ono mpaka kamzere kanaloza valavu yaing'ono.

"Lumikizani, bambo aang'ono."

A Rafaelo analowetsa pulagi. Alile anawerama kuti aonetsetse, sikuludiraiva kumanja, dzanja lamanzere likupita kukatsamira chitsulo cha ampu.

Sanamve n'komwe kuti mayi ake adzuka. Anangomva dzanja lozizira litagwira lamanzere lija, n'kulipinda kumsana.

"Dzanja limodzi basi, magetsi angakugwire. Bambo ako ikakhala yoyaka ankatero. Inu ana mukayandikira ankabwezanso anu chonchi."

Mavalavu anayaka timoto tating'ono pakati pokha, osafiira. Anadikira. Osafiira. A Rafaelo anakhwacha zingwe kamodzi, mawu anatuluka ofewa, ofunda, omwe aja a Lamulungu lililonse.

A Jestina anakhala pansi, tsache pamiyendo. Alile anali atatula kale sikuludiraiva, koma a Falesi dzanja lija sanalisiye.