Malaya Achikasu a Linus

Tsiku limene mlongo wanga Linus ankasewera volebo m'timu ya dziko, pa mpikisano wa mayiko kunja uko, amayi anaitana gulu lonse la amayi a kutchalitchi kwathu, kufupi ndi Kasina, kuti akaonere pa kanema wa aphunzitsi Alufeo. Anawauza kuti Misa ikatha asavule yunifomu. Ine Esitere ndinawachenjeza kuti ndi mpira chabe, koma amayi anga a Magadalena ukawaletsa chinthu ndiye wawatuma.

Muwamvetse. Zaka zonsezi a Rute, apampando a gululo, ankawaseka kuti mwana wamfupi ngati Linus akanangolimbikira kulima mbatatesi. Tsikuli amayi ankafuna a Rute aone ndi maso awo.

Tinadzazana pabalaza, ena pazenera, kamphepo ka Juni kakuluma kunja. Timu inatulukira, anyamata ataliatali, onse malaya ofiira. Kumapeto kwa mzere kunali Linus, kamunthu kolekeza m'khwapa mwa anzake, atavala malaya achikasu yekhayekha.



Kwathu, mayi akabwera pagulu wopanda yunifomu ndiye kuti ali pachilango. Amakhala kumbuyo ndipo nyimbo sayambitsa. Choncho aliyense anadziwiratu kuti Linus wapalamula kunjako. A Rute anatsokomola pang'ono, n'kunena ndi chifundo chonamizira kuti mwina zofiira zinatha.

Mpira utayamba zinthu zinaipiratu. Anzake akulumpha n'kumamenya mpira, iye ayi, ntchito kugwa chafufumimba. Pang'ono watuluka, pang'ono walowanso, ngati mwana wotumidwa mchere. Mayi wina ananong'ona kuti akumukolopetsa simenti.

Ndinapsa mtima, kunena zoona, koma malamulo ake nanenso sindinkawadziwa. Amayi manyazi anawagwira zedi. Anamanga chitenje n'kunyamuka, ati akaone mbuzi.

Aphunzitsi Alufeo, amene anasewerapo volebo ali ku seminale, anali kunja atagwira mlongoti wa kanema kuti mphepo isaupotoze. Anawafunsa amayi chowathawitsa. Atamva anaseka mpaka mlongoti unagwedezeka, m'nyumba chithunzi n'kuthawa.

"Amake Esitere, bwererani. Wa malaya osiyanayo amamutcha libero, sali pachilango. Amasankha amene mpira sumudutsa. Ataliwo malo awo ndi mmwamba, koma pansi ponse anapatsa mwana wanu."

Amayi anabwerera, koma sanakhalenso pansi. Apa m'pamene tinayamba kuona zimene zinkatipita. Adani akamenya mpira wamoto, kachikasu kaja kali pomwepo, kaunyamula usanakhudze pansi. Amayi anakumbuka kuti ndi iwo ankamuponyera kabichi kuchokera m'dimba iye ali pangolo, ndipo sanagwetsepo ngakhale mmodzi. Nkhani imeneyi aliyense anaimva katatu, a Rute kanayi.

Pa mpira womaliza adani anamenya pakona penipeni, tonse n'kuti basi wapita. Linus anauluka chafufumimba, n'kuyala dzanja pansi, mpira n'kunjanja pamsana pa dzanjalo. Mnzake anaukweza, wina n'kuumaliza. Nthungululu zake zinawakoka a Alufeo, anasiya mlongoti n'kuthamangira m'nyumba, moti chisangalalo cha timu tinangochimva, chithunzi kulibe. Ine ndinalira, sindibisa.

Lamulungu lotsatira gulu linali ndi msonkhano. Amayi analowa atavala bulauzi yachikasu pakati pa zoyera zokhazokha, n'kulunjika benchi yakutsogolo. A Rute pa za yunifomu sanyengerera munthu. Anatsegula pakamwa kuti awakumbutse lamulo, koma amayi anawatsogolera, uku akukonza duku.

"Pepani amayi apampando, lerolokha. Kwathu kuli libero."

A Rute anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anasuntha pa benchipo kuti awapatse malo, n'kuwauza kuti ayambitse nyimbo.