Mapiritsi a Che Swaibu

Tsiku lomwe Che Swaibu anasanza magazi kuseri kwa nkhokwe, Nkaya yense anamva dzuwa lisanafike paliwombo. Inali sabata yachitatu ya Ramadani. Mchemwali wawo Asiya anatulukira ali wefuwefu, n'kufikira kuloza chala Lukiya, mkazi wa Che Swaibuwo.

"Alamu, mwawadyetsa chiyani achimwene anga? Kondaine wanuyo wapyola muyeso! Ndikuwatenga lero lomwe, ukwati uthere pompa."

Zaka zisanu ndi zinayi Lukiya akuwaphikira bambowa, lero akhale wowathirira mankhwala? Komatu kuchitsime manong'onong'o anali atayamba kale, ena mpaka kumati anamuona akusinja mizu. Mizu yake iti? Chinangwa cha futali!

Anakwera sitima ya ku Balaka atatu, alamu awiriwo osayang'anana. Kuchipatala, dokotala wadazi, a Wadson, atamva zoti chimbudzi chakhala chikutuluka chakuda bii ngati phula, anafunsa ngati wodwalayo akumwa mankhwala alionse. Lukiya anamasula pansonga ya chitenje kabotolo ka asipirini, yemwe achipatala ankawapatsa Che Swaibu chifukwa cha nthenda ya mtima. Munali mutatsala timapiritsi tiwiri.

"Awa ndi a miyezi iwiri, kamodzi patsiku mutadya," anatero a Wadson. "Enawo apita kuti?"

Che Swaibu anazolika.

"Adokotala, masana sindingamwe, ndili pa swaumu, ndikusala kudya. Ndiye dzuwa likalowa ndimayamba kaye piritsi, kudya pambuyo. Pamtimapa pakamawotcha ndimawonjeza atatu, poti ndi a mtima."

"Iyayi bambo, chowotchacho si mtima, ndi zilonda zam'mimba! Mankhwalawa amakanda m'mimba mukakhala mopanda kanthu, inu n'kumathiranso ena pachilondapo."

Asiya anafunsa ndi timawu tapansipansi: "Ndiye sikuti anawadyetsa?"

"Anawadyetsa ndani, mayi? Adzidyetsa okha. Agonera kuno masiku angapo, tiwasinthira mankhwala, achira. Swaumuyo aime kaye. Ashehe akakuuzani, wodwala amadzabweza masiku ake akapeza bwino."

Lukiya anatuluka n'kukakhala pabenchi pakhonde, misozi ikutsika koma akuseka yekha. Patapita kanthawi Asiya anasendera, maso ali kumbali.

"Alamu, paja achimwenewa phala amakonda lamgaiwa?"

"Lampunga," anayankha Lukiya, n'kumusunthira malo pabenchipo.