Mpanda wa pa Njanji

A Evert Oonk anamwalira m'mawa, ng'ombe zisanakamidwe. Akazi awo, mayi Aleida, anawatseka maso, anavala jasi n'kulunjika ku njanji.

Kwathu kuno achibale sayendetsa maliro. Imeneyo ndi ntchito ya neba woyamba, amene khomo lake layandikana kwambiri ndi lako. Iyeyo ndiye amalengeza zovutazo m'makomo, kuitanitsa buledi wamphesa zouma wodyera pamaliro, ndi kugwira bokosi kutsogolo. Neba woyamba wa banja la Oonk, kuyambira nthawi ya azigogo, anali banja la Klumper, kutsidya kwa njanji.

Mudzi wathu utamezedwa ndi khonsolo ya m'tauni, mabwana anabwera ndi maganizo otseka kanjira kowolokera njanji. Akuti ngozi. Pamsonkhano tonse tinakana, kupatula a Evert, amene anaimirira n'kunena kuti katsekedwe basi. Mpanda utamangidwa, ng'ombe za a Wessel Klumper zinasowa podutsira kupita kudambo lawo la mbali ino, ndipo posakhalitsa dambolo linagulidwa ndi a Evert. Malemuwo anali ndi diso, tisawabisire.

Mayi Aleida anaima pa mpandapo n'kuitana. A Wessel anatuluka m'khola, foloko ya manyowa ili m'manja.

"Anzanu aja atisiya," anatero mayiwo.

A Wessel anavula chipewa. "Pepani, mayi. Ause mumtendere."

"Ndiye muyambe kulengeza. Abusa akuti tiika Lachisanu."

"Ndilengeze ine? Ngati ndani?"

"Ngati aneba oyamba. Musandiseweretse, a Wessel. Lero ayi."

"Uneba timayeza ndi njira, mayi, osati ndi maso. Makolo anatisiyira choncho. Kuti ndifike pakhomo panupo ndiyenera kukazungulira ku tauni, kukwera mlatho, kudutsa makomo a mudzi wathunthu. Aneba anu oyamba ndi ana aja anachokera kumzinda wa Utrecht, oweta mahatchi ongokongoletsa aja."

"Ajatu ngakhale kumanda sakudziwa!"

"Akafunse ku khonsolo. Amuna anu ankamvana nayo bwino."

"Koma inu! Evert anasenza bokosi la bambo anu m'chisanu, chipale chofewa chikulekeza m'mawondo."

"Anasenzadi. Anadutsa nawo pomwe mwaimapo. Ndionetseni podutsira, ndibwera."

Anavala chipewa chawo n'kubwerera m'khola. Mayi Aleida anatsala atagwira waya, mtima ukuwira. Anawakwiyira a Wessel, inde, koma makamaka anakwiyira mwamuna wogona m'nyumbayo, amene anapalamula mlandu n'kuusiyira mkazi. Chowawa kwambiri chinali choti a Wessel sananame. Mwambo umaterodi, ndipo m'mudzi muno palibe akanadumpha neba woyamba n'kukagwira bokosi.

Masana mayiwo anapita kwa ana a ku Utrecht aja. Mtsikanayo, Fenna, anawakumbatira mpaka kugwetsa misozi, ngakhale kuti a Evert anangowapatsapo moni kamodzi kapena kawiri. Mayi Aleida anafotokoza zonse, manyazi akuwaotcha kumaso.

"Kusenza bokosi? Ifeyo?" Fenna anayang'ana mwamuna wake. "Thijmen amavutika msana. Koma musadandaule, amayi, alipotu makampani ochita zimenezi. Taimani ndikupezereni pa foni."

Anawapezeradi, mwana wamtima wabwino.

Lachisanu kunabwera galimoto yakuda yonyezimira, ndi amuna ovala majasi otuwa ndi magolovesi. Anasenza bwino, osapunthwa, osadzandira, mapazi akuponda pamodzi. Tchalitchi chinadzaza. A Wessel anabwera atazungulira ku tauni kuja, anakhala pa benchi yakumbuyo ngati munthu wodutsa, manja ali m'thumba.

Potuluka, bokosi lili kale m'galimoto, wamkulu wa osenzawo anayandikira mayi Aleida n'kuwerama mwaulemu.

"Pepani, mayi," ananong'ona, "malemuwa dzina lawo ndani? Tili ndi maliro ena masana ano, tingasokoneze nkhata."