Adiresi Yoyenda Chafutambuyo

Pa tchuthi cha Ogasiti 1992, Lufina ndi Dyton anatsika basi pa Nsipe atanyamula chingwe chakuda chokulunga ngati nkhata, ndi madisiketi m'kabokosi ka sopo. Onse awiri ankaphunzira za makompyuta ku koleji. Kachipatala kena kakumapiri kanali katalandira makompyuta awiri kuchokera kwa abwenzi akunja, ina anaiika mu ofesi, ina kosungira mankhwala tsidya lina la bwalo. Awiriwa anaitanidwa kuti akawalumikize.

"Akuti zinthuzi zimatha kulankhulana," anatero Mayi Esnath, namwino wamkulu, powalandira. "Zilankhulane za mankhwala basi. Zandale ayi, mwamva? Nthawi zino si zoyankhula mwachisawawa."

Chingwe chija anachitulutsira pawindo, n'kuchikoleka pamtengo wa mapichesi, mpaka kukafika tsidya lija. Dyton anakakhala kosungira mankhwala. Lufina anatsala mu ofesi ndi pulogalamu yake yotumizira mauthenga.

Kompyuta iliyonse anaipatsa adiresi, manambala anayi olekanitsidwa ndi madontho. Ya Dyton inali 192.9.200.2. Koma munthu akalemba zimenezi, kompyuta imangoona zilembo zondondozana, wani, naini, thu, dontho. Kuti uthenga udziwe kolowera, zilembozo ziyenera kusandulizidwa kukhala nambala imodzi yolongedzedwa bwino, yomwe chingwe chimamva. Disiketi yomwe inali ndi kachidutswa ka pulogalamu kochita ntchito imeneyo inakana kutseguka, ndiye Lufina anangodzilembera kake: kudula pa dontho lililonse, kusandutsa zilembo kukhala nambala, kukana ikaposa 255, kenako kuziphatikiza zonse zinayi.

Analemba kuti "Moni", n'kutumiza.

"Wafika?" anakuwa pawindo.

"Kuli zii!" anayankha Dyton.

Anatumizanso. Zii. Dyton anagwedeza chingwe, anachipukuta ndi malaya, mpaka anakwera mumtengo muja kukaona ngati chapindika. Dzuwa litafika pamutu anabwera ku ofesi akudya kachewere wowotcha yemwe mayi wina wodikirira wodwala anamugawira.

"Mwina makinawa ndi amanyazi," anatero. "Sanadziwane."

"Usandiseketse, mutu ukundiwawa," anatero Lufina, koma anali ataseka kale. "Dikira, ndiifunse adiresi yomwe yasunga m'mimba mwakemo."

Anawonjezera mzere umodzi woti kompyuta ionetse nambala ija monga idzatulukire pachingwe. Pagalasi panabwera 2.200.9.192.

Anayang'anana. Dyton anawerenga ndi chala kuchokera kumanja kupita kumanzere, kachewere ali m'kamwa.

"Iwe, ikuyenda chafutambuyo!"

Lufina anadzimenya pachipumi. Aphunzitsi awo ananenapo kuti makompyuta amtundu umenewu amasunga nambala kuyambira kumchira, pomwe chingwe chimafuna mutu patsogolo. Tsiku limenelo iye ankasinza. Mmawa wonsewo moni wake ankafunafuna kompyuta yomwe kunalibe.

"Thamanga! Pita ukakhale pako!"

Dyton analiyatsa liwiro. Lufina analakwitsa kangapo asanatembenuze manambalawo. Analemba "Moni" n'kudina batani. Sanakuwe n'komwe. Pagalasi pake panatulukira mawu, chilembo chimodzichimodzi: "Moni wafika. Kachewere wanga ndamuiwala patebulo pako, usadye."

Lufina anadumpha, mpando n'kugwa chagada. Anatuluka panja akululutira ngati pa chinkhoswe, nsapato imodzi itatsala pakhomo. Dyton naye anatuluka akuvina gule wa ngoma, fumbi koboo, rula ali m'manja ngati chibonga.

Amayi omwe ankadikirira kuchipinda cha amayi oyembekezera atamva nthungululu anadzambatuka. Anabwera akuthamanga, zitenje akumangira m'njira, nawonso akululutira.

"Wabadwa? Wamwamuna kapena wamkazi?"

Lufina anafuna kufotokoza koma phwete linamugwira, anangokhala pansi akuloza chingwe. Mayi Esnath anatuluka ndi nkhope yokwiya, analowa mu ofesi, anawerenga pagalasi, n'kubwerera atagwira pakamwa.

"Palibe wabadwa, amayi. Ndi makinawa, ayamba kuyankhulana."

"Ndiye akuti chiyani?" anafunsa mayi wina wamtali.

"Akukanizana kachewere."

Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Dyton, poona kuti anthu achuluka, anawonjezera moto pa ngoma yake, anadumpha kwambiri, rula n'kukola chingwe. Chinagwa pamtengo pamodzi ndi masamba, n'kuzuka pawindo la ofesi.

Anatha masana onse akuchilumikizanso, uku amayi aja akuwagwirira makwerero ndi kuwalangiza pomangira. Basi yomaliza yochokera kumapiriko inawasiya. Anatsetsereka wapansi kulowera ku Nsipe, ndipo pena Lufina ankangoima panjira, manja m'chiuno, n'kuyambiranso kuseka.