Makiyi a thanki ya mpweya

Mlamu wanga anandilanda malo kuntchito chaka chatha, mwezi umene kampani inabweretsa thanki yatsopano. Chonsecho ntchitoyo ndinamupezera ndine.

Kale ndine ndinkasakaniza dongo m'pulasitiki wosungunuka, ngakhale linkasiya timibulu. Tsopano amalitsekera m'thanki ndi mpweya wothinikizidwa kwambiri, woti si mpweyanso, si madzinso. Akatsegula mwadzidzidzi, dongolo limamwazika kuposa ufa, akalisakaniza, pulasitiki n'kutuluka wosalala ndi wolimba.

Bwana atafunsa woti aphunzire makinawo, mlamuyo anayankha msanga kuti, "Alamuwa maso anatha, bwana, geji yoyezera mpweya sangaiwerenge."

Tsikulo ndinali nditangoiwala magalasi kunyumba basi.

Lero ine ndimaumitsa dongo mu uvuni kuseri, iye akuyendayenda ndi jasi loyera, makiyi akulira m'chiuno. Alendo akabwera amagwira chanza iyeyo. Tsiku lina anapatsa mlongo wake, mkazi wangayu, kachidutswa ka pulasitikiyo. Mayiyo anakaika pa shelefu pabalaza, ndipo amakapukuta fumbi.

"Taonani, bambo, mmene kakuwalira," amatero.

Magalasi ndimavala tsiku lililonse, bwana amandiona. Makiyi akadali m'chiuno mwa mlamu.