Tebulo la Kuseri

Rahma ameneyo! Ku koleji ya zaumoyo ankakhoza mayeso mochita kukwawa, pamene ine Edith sindinatsikepo pamwamba. Koma titapita ku Lungwena kukachita kafukufuku wa likodzo, mukanamuona! Kwawo n'komweko. Amayi a m'mudzimo kumukumbatira, kumutcha mwana wawo, iye kuwayankha m'Chiyao, onse kufa nako kuseka. Ine wa ku Dedza ndili chilili, osamva kanthu.

Adokotala a Macloud, otiyang'anira, anali atanena poyera kuti malo opitiriza nawo kafukufuku chaka chamawa ndi amodzi okha, ndipo adzatenga amene ntchito yake yaoneka. Tsono yanga ikanaoneka bwanji? Rahma anamuika pansi pa mtengo wa mango kuti azifotokozera amayi za nkhono za m'nyanja, adokotala ali pambali kugwedeza mutu. Ine anandiponya kuseri kwa sukulu, pa katebulo, kulandira mabotolo a mikodzo. Mayi ankabwera botolo atabisa m'chitenje, kuliika pa tebulo, osandiyang'ana n'komwe, ulendo. Dzuwa likuswa mtengo, ntchentche, fungo, uku ndikumva kuseka kwa pa mango paja. Nsanje inandidya, ndikanirenji?

Ndinawapitira adokotala. "Kodi ine ndinabwera kudzanyamula mikodzo basi? Tisinthane, nanenso ndiyankhuleko. Amayiwa Chichewa amamva."

Iwo ndi a ku Mzuzu, miyambo ya kuno sankaidziwa, anangoti chilungamo n'chimenecho. Rahma anandikokera pambali.

"Edith, usatero chonde. Amenewa ndi azakhali anga, ena ndi apongozi. Ndinatomeredwa m'mudzi muno."

"Eya! Manja ako ndi agolide, anga ndiye a mikodzo?" Ndinamusiya pomwepo.

M'mawa mwake ndinaima pa mango paja. Ndinayankhula, abale inu! Mazira a likodzo, chikhodzodzo, zonse ndinazitambasula, mpaka amayi anawomba m'manja. Analandira mabotolo n'kupita ku zimbudzi. Woyamba kukhota kuseri anali Abiti Yasini, apongozi ake a Rahma enieniwo. Ataona kuti pa tebulo pakhala Rahma anaima njii, kenako anabwerera n'kukakhuthula botolo lija pa tchire. Ananong'oneza mnzawo, mnzawoyo wina, basi mzere wonse unabalalika.

Abiti Yasini anabwera kwa ine.

"Mwanangu, ife tinkapita kuseri kuja chifukwa kunali inu, mlendo. Simudziwa dzina la munthu, simudzadya nafe pa ukwati. Tsono mkazi wa mwana wanga aone magazi a m'mikodzo mwanga? Ndiye kuti za masiku apitawa nazonso mwamuonetsa, eti?"

Ndinalumbira kuti ayi. Adokotala nawo analumbira. Tsiku lotsatira ndinabwerera pa katebulo kanga, ndinakhala mpaka masana, palibe anabwera ngakhale mmodzi. Panangodutsa mbuzi.

Tikulongedza katundu, adokotala anandiyankhula osandiyang'ana. "Edith, amayi opereka mabotolo mochuluka chonchija sindinawaonepo kwina kulikonse. Ndinali nditasankha kale inuyo. Koma kafukufuku wa kuno wafa. Nditenga Iddi, wa gulu lathu la ku Chembe."

Ndinacheuka kuti ndione ngati Rahma wamva. Anali atakhala pa khonde la sukulu akulira, manyazi atamugwira. Ndipo amayi omwe anathawa aja, azakhali ake ndi Abiti Yasini omwe, anabwera n'kumuzungulira. Wina kumupukuta misozi ndi chitenje, wina kumusisita pamsana, kenako anamugwira dzanja n'kupita naye kumudzi kukamwa tiyi.

Taonani zimenezo! Malo tawataya tonse awiri, koma mnzanga ngakhale polira ali ndi omutonthoza. Ine ndinatsala ndekha kuseri kuja, ndikuika m'katoni mabotolo opanda kanthu.