Pomwe Nyali Sinkafika

Naukhondo anatseka chitseko cha chipinda chachinayi n'kusuzumira pa kagalasi. Mkatimo makina ophera tizilombo, amene anzake okolopa ankawatcha Wamtali, anayatsa nyali zake. Chipinda chonse chinasanduka cha buluu. Bedi linkaoneka ngati likuyandama pansi pa madzi, makoma akutalikira pang'onopang'ono. Mphindi khumi ndi zisanu zimenezi ankazikonda kuposa nthawi ya tiyi. Maganizo ankangomuthawa, n'kumaona odwala onse akudzuka, kupinda zofunda n'kumapita kwawo akuseka.

"Amayi, mugwatu, mukugona choimirira," anatero mmisiri wa makinawo, yemwe anali atatsamira khoma.

"Ndisiyeni bambo, kulota sikulipira."

Mmisiriyo anaitanidwa chifukwa cha vuto. M'miyezi iwiri, anthu atatu ochitidwa opaleshoni anagona m'chipinda chimenechi ndipo onse mabala awo anatukusira. Wachitatu anali telala wina wanthabwala, amene anabwera akuyenda yekha, koma tsopano ankalephera ngakhale kutukula mutu. A Metroni, mkulu wa anamwino, anagamula kuti Wamtali wafooka. Iwo sanamuganizire Naukhondo ndi pang'ono pomwe. Angamuganizire bwanji munthu amene anakolopa chipatalacho zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mpaka dzina lake lenileni kuiwalika?

M'mawa umenewo mmisiri anamuuza kuti akonze chipinda monga mwa masiku onse. Iye anakonzadi, mtima uli m'malo. Anatseka madilowa, anapinda katani bwinobwino, anakankhira tebulo lodyera kukhoma, ndipo chingwe cha belu loitanira namwino anachikulunga n'kuchilowetsa kuseri kwa matiresi kuti chisalendewere. Kenako mmisiri anamata timapepala tachikasu paliponse.

"Kuwala kukakafika, kapepala kamasanduka kobiriwira," anafotokoza motero.

Nyali zitazima analowa. Kapepala kapakhoma kanali kobiriwira, kapamwamba pa bedi chimodzimodzi. Mmisiri anatsegula dilowa: kachikasu. Anatambasula katani: kachikasu. Anasolola belu lija, limene wodwala aliyense amalifumbata usana ndi usiku ndi dzanja lomwe wangokhudza nalo bala. Kapepala kake kanali kachikasu ngati kangotuluka kumene m'bokosi.

"Makinawa ali bwino," anatero mmisiri motsitsa mawu. "Koma nyali ndi nyali, amayi. Siikhota pakona. Zinthu zimafunika kuzipukuta kaye, kenako kuzisiya poyera, zotsegula, zobalalika."

"Palibe anatiuzapo zimenezo. Anangotisonyeza pobanikiza."

"Ndikudziwa."

Naukhondo anakhala pansi m'mphepete mwa bedi, chinthu chimene sanachitepo chiyambire ntchito. Manyazi anamugwira, komanso mantha. Anayang'ana manja ake. Chaka chonse chibwerere Wamtali, iye ankayalira tizilombo pogona pabwino, n'kumayembekezera kuyamikiridwa.

Mmisiri anamumvera chisoni. "Madzi akatayika saoleka. Ine ndingolemba kuti nyali imodzi inatha mphamvu, ndaisintha. Inuyo kuyambira lero muzichita mmene ndakuuziranimu, mwakachetechete. Mbiri yanu isaonongeke paukalamba pano."

Mawuwo anakoma m'makutu mwake. Anadziona akupuma pantchito mwaulemu, anamwino akuomba m'manja, a Metroni akumupatsa chikalata chomuyamikira. Koma chithunzicho sichinakhalitse. Okolopa asanu ndi mmodzi a m'chipatalamo anawaphunzitsa ndi iye, ndipo ankawakalipira akasiya chingwe chikulendewera. Pa ola lomwelo wina kuchipinda cha amayi oyembekezera ayenera kuti ankalowetsa belu kuseri kwa matiresi, n'kumanyadira kuti akuchita ngati Naukhondo.

"Nanga anzanga aja ndikawauza kuti chiyani? Kuti ndalota?"

"Mukhoza kuwanong'oneza mmodzimmodzi."

"Anong'onezeni inuyo muone. Ndinawakhomerera chaka chathunthu, sangasinthe ndi manong'onong'o. Ndipatseni timapepalato."

Naukhondo anaika timapepalato m'thumba la yunifolomu n'kutuluka. Khonde linali litadzaza dzuwa, ndipo ankamva ngati mapazi ake sakugunda pansi. Pa benchi la pafupi ndi ofesi ya a Metroni panakhala mkazi wa telala uja, atafumbata botolo la madzi, maso atatupa. Atamuona anadzuka n'kumugwira dzanja.

"Achemwali, abambo akukufunsanitu. Akuti m'chipatala monse muno inu nokha ndiye munkawasamala, chipinda chawo chimachita kuwala."

Naukhondo anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono.

"Musandithokoze, achemwali. Khalani pompano, musachoke. Ndikatuluka umu ndili ndi mawu oti ndikuuzeni inunso."

Anatembenuka n'kugogoda pachitseko cha a Metroni.